Banki mkhonde yathu ingagwe ngati banki ya ku America ija? Ndithandizeni nzeru

Abale anga pa gulu pano, makamaka inu odziwa za chuma, ndithandizeni. Ndine msungichuma wa banki mkhonde ya amayi, timagawana mu December, koma mtima sukukhazikika.

Ndawerenga za Silicon Valley Bank ya ku California yomwe inagwa mu March 2023, chandiopsa ndi choti palibe anaba ndalama. Banki inaika ndalama za anthu mu ma bond (zikalata zobwereketsa ndalama ku boma kapena mabungwe) a nthawi yaitali, Federal Reserve, banki yaikulu ya dziko la America, itakweza chiwongola dzanja ma bond aja anatsika mtengo, atagulitsa ena analuza madola 1.8 biliyoni, nkhani itangomveka anthu anayamba kuuzana pa foni kuti chotsani zanu msanga, tsiku limodzi lokha anafuna kutapa 42 biliyoni ndipo pa 10 March boma linaitseka. Mantha okha anaimaliza.

Nafenso mu bokosi mwathu mulibe kanthu kwenikweni, ndalama zili mmanja mwa mamembala ngati ngongole. Ndiye ndazindikira kuti ena ali mmagulu atatu anayi, amatenga kuno kukabweza uko, kutenga uko kudzabweza kuno. Gulu loyandikana nafe wina wathawa ndi ngongole, pano amayi awiri andinong'oneza kale kuti akufuna masheya awo December asanafike. Ndikawapatsa ena amva abweranso, ndikakana anena kuti ndadya ndalama. Ndiulule zonse pa msonkhano kapena ndikhale chete mpaka ngongole zibwere?

— Mayi, tsegulani buku aliyense aone. Lehman Brothers, banki ina ya ku America, itagwa mu September 2008 mabanki anasiya kubwerekana okhaokha chifukwa palibe ankadziwa kuti ngongole zowola zili kwa ndani, ndipo ngakhale abwinobwino anavutikira limodzi. Kubisa ndiye kumakuza mphekesera.

— Ine sindikugwirizana nazo kwenikweni achimwene. Silicon Valley ija inaulula yokha kuti yaluza, mawa lake anthu anathamangira kukatapa. Kuulula opanda pulani nkoopsa. Amayiwa apite ku msonkhano atalemba kale kuti uyu abweza liti, uyu liti, komanso ngongole zatsopano ziime kaye.

— Malamulo anu akuti chani pa zochotsa masheya chaka chisanathe? Ngati amaletsa musapatse aliyense, olo akhale mlamu wanu, mukapatsa mmodzi basi mwatsegula chitseko. Komanso magulu ambiri salola munthu kubwereka ndalama zoposa masheya ake kuchulukitsa katatu, onani ngati mmatsatira zimenezo.

Zikomo nonse. Lamulo loletsa lilipo ndipo ndiligwiritsa. Chatsala nchakuti awo ali mmagulu ambiriwo ndingawafunse bwanji ngongole zawo za kwina osawachititsa manyazi pagulu, poti ena ndi amayi akuluakulu a kutchalitchi kwathu. Ndiwaone mmodzimmodzi kunyumba, kapena apampando ndi amene ayankhule?