Mwana wanga chikanga chamuvuta, ma probiotic aja amathandizadi?

Mayi_wa_ku_Chipoka:
Abale ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wa zaka 2 ali ndi chikanga, chimatuluka kuseri kwa mawondo, mopindikira mikonomu ndi m'khosi, ndiye kutentha kwa ku Salima kuno mukukudziwa, thukuta likangomugwira usiku sagona amangodzikanda mpaka magazi. Alamu anga aku Lilongwe anditumizira chithunzi pa WhatsApp cha ma probiotic, ati amachiza ziwengo kuchokera m'mimba, kenaka akuti palinso ma prebiotic, ine sindikusiyanitsa n'komwe. Mtengo wake si wamasewera. Ndisanawononge ndalama ya ufa ndati ndifunse kaye, alipo anayesapo?

NamwinoWakuKamuzuRoad:
Pepani mayi, chikanga chimazunza mwana ndi mayi yemwe. Ndiyambe ndi kusiyana kwake. Ma probiotic ndi mabakiteriya amoyo abwino, monga Lactobacillus ndi Bifidobacterium, amene amakhala m'matumbo. Ma prebiotic si tizilombo ayi, ndi chakudya cha tizilombo timeneti, ndipo amapezeka mu nyemba, anyezi, adyo, nthochi. Mkaka wa m'mawere nawonso uli nawo ambiri.

Nkhani yoti amathandiza khungu inatchuka ndi kafukufuku wa ku Finland wa 2001, anapereka Lactobacillus GG kwa amayi oyembekezera kenaka kwa makanda awo, mabanja oti ziwengo ndi zakumtundu, ndipo pofika zaka 2 ana ogwidwa chikanga anachepa pafupifupi ndi theka. Koma onetsetsani apa, uku kunali kupewa chisanayambe. Kwa amene chamugwira kale nkhani ndi ina, a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, mu 2018 anasonkhanitsa zotsatira za ntchito za kafukufuku zokwana 39 ndipo anapeza kuti kusintha kwake ndi kochepa kwambiri kapena palibiretu. Ndiye kwa mwana wanuyu ine sindingakuuzeni kuti muthamangire botolo limenelo.

Chomwe chimagwiradi ntchito ndi mafuta. Vaseline wa blue seal uja wopanda fungo, mum'pake akangotuluka m'bafa thupi lisanaume, kawiri katatu patsiku osatopa, olo pakuoneka ngati papola. Sopo wonunkhira ndi wochapira zovala asamukhudze, madzi akhale ofunda pang'ono osati otentha, zikhadabo muzimuwenga, zovala za thonje. Pofiira poyabwapo kuchipatala amapereka hydrocortisone wa 1% wopaka masiku ochepa. Chonde makirimu a pamsika aja oyeretsa khungu musayerekeze, ambiri ali ndi mankhwala amphamvu otchedwa ma steroid, pamaoneka ngati papola msanga koma khungu la mwana limapyapyala ndipo mukasiya chimabwerera ndi ukali.

Mnyanja_KK:
Ife kuno ku Nkhotakota tinakulira thobwa ndi kondowole, ndiye ndikamva za mabakiteriya abwino a m'botolo ndimati kodi si zomwezi agogo ankatipatsa? Chinangwa timaviika masiku angapo mpaka chisase, thobwa naye amasasa akagonera, chambiko ndiye osanena. Mayi mugulireni chambiko kapena yogati mwanayo muone, sizodula ngati makapisoziwo.

NamwinoWakuKamuzuRoad:
Achimwene mwanena zoona mbali ina, thobwa wogonera, chambiko ndi yogati zimasasa chifukwa cha mabakiteriya amtundu womwewu ndipo ndi chakudya chabwino. Koma kondowole ayi, ufa uja umauma padzuwa kenaka umaphikidwa pamoto, tizilombo tamoyo sitifika m'mbale. Komanso chambiko ndi mkaka wa ng'ombe, ndipo alipo ana ena a chikanga amene thupi lawo limadana ndi mkakawo. Ayambe ndi pang'ono aone. Akatupa milomo kapena maso, akatuluka zidzolo thupi lonse, kapena akamabanika popuma, kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuche. Ndipo kwa amene akuwerenga ali ndi khanda losakwana miyezi 6, bere lokha basi, thobwa ayi. Ana obadwa masiku asanakwane ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika asamwe ma probiotic a m'botolo adokotala asanavomereze.

Nabanda_Senga_Bay:
Asisi ine ndingofunsa, mwatsimikiza kuti ndi chikanga? Ndikufunsa chifukwa wanga ndinkamupaka mafuta osiyanasiyana osasintha, anthu nkumati musiyitseni usipa, musiyitseni mazira, musiyitseni nsinjiro, mwana mpaka kuonda, kukafika kuchipatala akuti ndi mphere, nyumba yonse tinapatsidwa mankhwala opaka nkuchapa zofunda zonse zinatha. Muoneni pakati pa zala ndi m'manja molumikizira umu, komanso ngati ena m'nyumbamo akudzikanda usiku. Ndipo zomusiyitsa mwana ndiwo chifukwa chongomva kwa aneba musachite, kuno kunyanja mukamuchotsera nsomba adya chani?

Mayi_wa_ku_Chipoka:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. M'nyumba muno akudzikanda ndi iye yekha, ndipo bambo ake ali ndi mphumu, mwina ndi zakumtundu zomwe anena anamwinozo. Komabe Lachiwiri ndipita naye ku chipatala cha boma ku Salima akamuone bwinobwino, Vaseline ndayamba usiku uno. Anamwino funso limodzi, ndili ndi pakati pa miyezi 5, ndiye zopewa zija kwa winayu zingandikhudze ine?

NamwinoWakuKamuzuRoad:
Zingakukhudzeni mayi, poti mkulu wake ali nacho komanso bambo mphumu. Bungwe loona za ziwengo pa dziko lonse la World Allergy Organization mu 2015 linati amayi ngati inu atha kumwa ma probiotic ali oyembekezera komanso akuyamwitsa, koma linanenanso lokha kuti umboni wake ndi wofooka. Kafunseni ku sikelo musanagule, mutenge chithunzi cha botolo chija akaone dzina la bakiteriya lomwe lalembedwapo, poti si onse amene anayesedwa pa chikanga.