Ndili ku Leicester, digiri ya ku Poly sikundipezera ntchito ya akaunti: ndionjezere pepala liti?

Nachisale

Akuluakulu a gulu lino, ndithandizeni maganizo. Ndinabwera ku Leicester kutsatira bambo a kunyumba omwe ndi nesi ku NHS. Visa yanga ndi ya dependant, choncho ntchito ndikuloledwa kugwira, palibe bwana yemwe akufunika kundilipirira sponsorship. Kumudzi ndinali akauntanti pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira ku Limbe: kutseka mabuku mwezi ndi mwezi, VAT ndi PAYE ku MRA, kukonzekera ma odita. Ndili ndi digiri ya Accountancy ya ku Poly. Mayeso a ACCA (bungwe la ma akauntanti la ku UK) ndinawayamba, gawo lapakati la Applied Skills lonse linatha, TX (pepala la msonkho) ndinalemba ya Malawi, SBR (pepala la financial reporting la gawo lomaliza) ndinakhoza mu December 2020. Kenako mapaundi anayamba kusowa m'mabanki, ndipo kwacha itagwa mu November 2023 ndinangosiyiratu kulipira subscription.

Panopa ndikugwira usiku ku care home. Ndatumiza ma CV mpaka kutopa, yankho ndi limodzimodzi, akufuna munthu yemwe anagwirapo kuno. Mnzanga wina akuti ndichite MSc in Accounting and Finance, wina akuti AAT (ya ma accounting technician) ndi yomwe imadziwika kuno, wina CIMA (ya ma management accountant). Ndalama zoti ndiyesere zonsezi ndilibe. Ndilowere kuti?

Che Mbewe, Manchester

Achemwali, tisanakambe za MSc, lowani mu myACCA, akaunti yanu ya ACCA pa intaneti, lero lomwe. Mapepala a Strategic Professional, gawo lomaliza la ACCA, ali ndi malire a zaka 7. SBR yanu ya December 2020 idzafa kumapeto kwa 2027 mukapanda kumaliza enawo, ndiye mudzailembanso. Mwatsala ndi SBL (pepala la utsogoleri wa bizinesi) ndi ma option awiri odzisankhira nokha, mapepala atatu basi pa 13. Mayeso amalembedwa March, June, September ndi December, nthawi ilipo koma si yoseweretsa. Poti munasiya kulipira, mwina anakuchotsani m'kaundula. Mudzalipira zotsalira ndi ya kulembetsanso, koma zomwe munakhoza zikadalipo.

Munthu wotsala ndi mapepala atatu kuyamba CIMA ndi kusiya nsima yapsa kale n'kukatereka mphika wina.

Gondwe

Ine ndikuti MSc musaitaye msanga. Mabwana a kuno akaona dzina la yunivesite yomwe akuidziwa pa CV, amawerenga mpaka pansi. Poly saidziwa, MUBAS ndiye sanaimveko n'komwe. Komanso m'kalasi mumadziwana ndi anthu.

Naphiri, Leeds

A Gondwe, pamenepo sitigwirizana. Ine ndimakhala nawo pa interview ku dipatimenti yathu ya finance, ndipo sindinaonepo munthu akulembedwa ntchito ya management accountant chifukwa cha MSc. Onani zomwe amalemba m'ma advert: ACCA, CIMA kapena ACA, womaliza kapena wotsala pang'ono. MSc imathandiza amene akufuna visa ya sukulu kapena kukaphunzitsa. Mayiwa visa ali nayo kale. Ndiponso poti sanakhazikike kuno mwalamulo, adzawalipiritsa fizi ya ophunzira akunja, yopitirira £10,000 kutalitali. Mapepala atatu a ACCA pamodzi ndi mabuku ndi tuition yapa intaneti sangafike n'komwe pamenepo.

AAT ndi yabwino kwa woyamba kumene, koma womaliza Level 4 ya AAT amangomuchotsera mapepala atatu oyambirira a ACCA. Inu munadutsa kalekale pamenepo. Mukailemba pa CV pambali pa SBR, wowerenga adzadabwa kuti chinachitika n'chiyani.

Tsono vuto lanu lenileni si kuchepa kwa mapepala, achemwali. Akamati simunagwirepo kuno, sakukayika za debit ndi credit. Akuopa kuti akakupatsani mpando Lolemba, adzataya miyezi akukuphunzitsani zinthu zomwe mwana wa zaka 19 wa AAT amazidziwa kale: VAT ya kuno ndi 20% koma pali zinthu za 5% ndi za 0%, return imapita kudzera mu software chifukwa cha Making Tax Digital, payroll imatumizidwa ku HMRC (MRA ya kuno) kudzera pa system ya RTI nthawi iliyonse anthu akamalandira, pali National Insurance, pali penshoni ya auto-enrolment, chaka cha msonkho wa munthu chimayamba pa 6 April n'kutha pa 5 April. Kampani ya private iyenera kupereka ma accounts ku Companies House pasanathe miyezi 9 chaka chake chitatha. Palibe chovuta pa zimenezi kwa munthu amene analimbana ndi MRA. Koma muyenera kuzitchula molimba mtima pa interview, osati kumangoti ndidzaphunzira.

Nachisale

Zikomo amayi. Ndiye pa ma option ndisankhe ATX, pepala lapamwamba la msonkho, ya UK kuti ndidziwiretu msonkho wa kuno? Zikuoneka ngati ndingamalize zonse ziwiri pakamodzi.

Che Mbewe, Manchester

Ndikanakhala ine, eya. Ukalemba pa CV kuti ATX ya UK unakhoza, nkhani yoti sudziwa msonkho wa kuno imathera pomwepo.

Kamanga wa Tax, Birmingham

Achimwene a Mbewe, pang'onopang'ono. Ine ndimadya za msonkho, ndipo ATX ndimaiopabe. Pepala limenelo limaganiza kuti TX ya UK uli nayo kale m'mutu. TX ya Malawi ilibe inheritance tax monga ilili kuno, ilibe National Insurance, malamulo a capital gains ndi ena, ma relief ndi ena. Amayiwa amagwira usiku, ali ndi banja, ndipo SBR ikuwerenga masiku. Akalephera ATX kawiri, chaka chapita.

Maganizo anga ndi awa. Gulani buku la TX ya UK la chaka chino, la Kaplan kapena BPP, muliwerenge ngati mukukalemba ngakhale simulemba. Musagule lakale lotchipa pa eBay, manambala amasintha ndi Finance Act iliyonse. Mwachitsanzo corporation tax inali 19% kwa onse, koma kuyambira April 2023 ndi 25% kwa makampani a phindu lalikulu, 19% kwa omwe phindu silipitirira £50,000, ndipo pakatipo pali marginal relief. Malire olembetsera VAT anakwera kufika £90,000 mu April 2024. Mukaliwerenga n'kuona kuti msonkho ukukukomerani, tengani ATX ikhale yomaliza. Mukaona kuti ayi, APM ndi AFM (ma option a performance management ndi financial management) sizisamala kuti muli dziko liti, ndipo pa ntchito ya m'kampani ngati yomwe munkagwira ku Limbe ndi zomwe zimagwirizana nayo. Zofuna kukhazikika pa msonkho zili ndi njira yake, mayeso a akatswiri a msonkho a ATT kenako CTA, mudzaganiza mtsogolo bwana akamakulipirirani.

AAA ya UK, option ya audit, isiyeni pokhapokha mukufuna kudzasaina ma audit report kuno. Kuti mufike kumeneko amafunanso LW (pepala la malamulo), TX ndi SBR zikhale za UK, ndi zaka zogwira audit pa firm yovomerezeka. Ndi ulendo wina umenewo.

Naphiri, Leeds

Ndikuvomereza za a Kamanga. Ndionjezere chinthu chomwe anthu ochokera kumudzi sadziwa kuti ali nacho. Makampani ambiri ang'ono ndi apakati kuno pokonza ma accounts amatsata standard ya FRS 102, yomwe inamangidwa pa IFRS for SMEs, yomwe kwathu timaidziwa. Ndipo kuyambira pa 1 January 2026 FRS 102 yasintha pa nkhani ya lease ndi revenue, yayandikira IFRS 16 ndi IFRS 15. Ndiye pali ma akauntanti a kuno omwe akugunda mutu ndi right-of-use asset koyamba, pomwe inu munailemba pa SBR. Ikani zimenezo pamwamba pa CV.

Za CV yomweyo: chotsani chithunzi, tsiku lobadwa, chipembedzo, zoti ndinu okwatiwa, boma lochokera ndi T/A. Kuno saika, ena amaona ngati mukuwaika m'mavuto ndi malamulo a tsankho. Masamba awiri. Pansi pa dzina lembani kuti ndinu ACCA part-qualified ndiponso kuti muli ndi chilolezo chogwira ntchito popanda sponsorship, chifukwa ambiri akaona Malawi amangoganiza za visa n'kudumpha. Ndalama zomwe munkayang'anira zisintheni zikhale m'mapaundi, mabiliyoni a kwacha sawauza kanthu.

Mwale

Palibe watchula PER, nthawi yogwira ntchito yomwe ACCA imafuna. Mukamaliza mayeso mumangokhala affiliate. Kuti mukhale membala pamafunika miyezi 36 ya ntchito, ma performance objective 9 osainidwa, ndi Ethics and Professional Skills Module. Zaka zanu za ku Limbe zimawerengedwa, bola wosaina akhale akauntanti wa bungwe lomwe lili mu IFAC (mgwirizano wa mabungwe a ma akauntanti padziko lonse), ndipo ICAM ya ku Malawi ilimo. Ndiye ngati Finance Manager wanu anali membala wa ICAM kapena ACCA, muimbireni sabata ino akadakukumbukirani. Anthu amasintha ntchito, amasintha manambala, ena amapita ku Joni. Ndikudziwa munthu yemwe anayambiranso kuwerenga miyezi kuno chifukwa womusainira sanapezekenso.

Nachisale

A Mwale mwandidzutsa. Bwana wanga uja ndi FCCA (membala wa ACCA wa nthawi yaitali), tikadalankhulana pa WhatsApp. Nanga paja UK ENIC, omwe amafananiza madigiri akunja ndi a kuno, ndiyofunika? Ena akuti popanda kalata yawo digiri yanga ndi pepala chabe.

Mwale

Kalata yawoyo, Statement of Comparability, imangonena kuti digiri yanu ikufanana ndi mlingo uti wa kuno. Mayunivesite ndi mabwana ena a boma amaifunsa. Ma agency a finance amafunsa za ACCA ndi software. Dikirani wina aifune kaye musanalipire.

Gondwe

Chabwino, za MSc ndagonja. Koma ntchito yoyambayo ailowa bwanji? Mayeso okha sangachotse funso lija loti sanagwirepo kuno.

Naphiri, Leeds

Polowera ndi pa temp. Lembetsani ku Hays, Reed, Robert Half, ndi ma agency ang'onoang'ono a ku Leicester komweko, ndipo muziwaimbira foni, osangotumiza CV. Nenani kuti mukufuna purchase ledger, credit control kapena accounts assistant, ngakhale ya miyezi itatu yolowa m'malo mwa wopita ku maternity. Zimawawa, ndikudziwa. Kumudzi munali ndi okutumikirani, kuno muzikalowetsa ma invoice. Koma munthu wodziwa kutseka mwezi sabisika. Tsiku lomwe bank reconciliation yakana n'kuikonza inu, ndi tsiku lomwe amayamba kukupatsani accruals ndi prepayments. Ikatha contract muli ndi referee wa kuno, ndipo CV yotsatira ikupita pa assistant management accountant. Makampani ambiri pa mlingo umenewo amapereka study support.

Pakadali pano chitani certification ya Xero pa intaneti. Ngati ku Limbe munkagwiritsa Sage, ilembeni, dzinalo kuno ndi lakwawo. Excel muitchule ndi zomwe mumachita nayo, pivot table, XLOOKUP.

Kamanga wa Tax, Birmingham

Chenjezo limodzi, poti ku tchalitchi akangomva kuti ndinu akauntanti ayamba kukubweretserani ma Self Assessment awo, makamaka January akamayandikira. Musalandire ndalama pa zimenezo. Malamulo a ACCA salola student kukonzera anthu ma accounts kapena ma tax return payekha kupitirira bookkeeping wamba, ndipo aliyense wochita bizinesi yotere kuno ayenera kukhala pansi pa woyang'anira za anti-money laundering, kaya HMRC kaya bungwe lake. £50 ya m'bale ingakuchotsetseni m'kaundula.

Nachisale

Ndamva akuluakulu. Ndalowa mu myACCA, anandichotsadi, ndawalembera kuti andiuze zotsalira ndi tsiku lenileni lomwe SBR idzathe. Bwana uja wavomera kusaina, akungofuna ndimutumizire link. Ndiyamba ndi SBL, kenako APM, lachitatu ndidzasankha ndikamaliza buku la TX. Amayi Naphiri, ndingakutumizireni CV ku inbox muione ndisanaitumize ku ma agency?

Naphiri, Leeds

Tumizani ya Word, osati PDF, ndizitha kukonza momwemo. Mundilemberenso kuti mwezi munkatseka m'masiku angati ndi anthu angati anali pansi panu. Ndiyang'ana Loweruka madzulo.