Gulu la banja: zotsatira za mphwathu zatuluka

Ine: Mwaswera bwanji nonse. Tangotuluka kwa dokotala ine ndi mphwanga. Zotsatira za tinyama tija anatapa tsiku lomwe anamulowetsa kamera m'matumbo zabwera. Khansa palibe, HIV palibe. Koma dzina la matenda sanatipatsebe. Akuti ndi chimodzi mwa ziwiri, TB ya m'matumbo kapena matenda otchedwa Crohn's.

Mayi: Ambuye alemekezeke poti si khansa. Koma TB bwanji mwana wosatsokomola?

Malume Lilongwe: Miyezi 7 munthu akutsekula m'mimba, kamera alowetsa, magazi atenga kangapo, ndiye yankho n'kukhala "kapena"? Ndalama zathu zija zagwira ntchito yanji?

Azakhali Zomba: Ine ndinanena kale. Zimene makina sakuziona n'zakudyetsedwa. Mwanayu anayamba kudwala atangokwezedwa pantchito.

Alamu Joni: Musavutike. Mnzanga kuno ali ndi Crohn's yomweyo, amamwa prednisolone, sabata imodzi anadzuka. Ndagula kale, ndipatsira wa basi Lachisanu.

Achemwali Leeds: Alamu chonde MUSATUMIZE. Ndili pa shifiti, ndipatseni mphindi 10.

Malume Lilongwe: Anesi alankhula, tidikire.

Achemwali Leeds: Ndabwera. Malume, dokotalayo sakuzemba ayi. Matenda awiriwa amafanana ngati mapasa. Onse amakonda malo amodzi, pamene matumbo aang'ono amalumikizana ndi aakulu, kumunsi kwa mimba kudzanja lamanja, pomwe iye amagwira paja akamabuula. Onse amachita zilonda, amaondetsa, amathetsa magazi. Ngakhale pa maikulosikopu kutupa kwake kumafanana. Kachilombo ka TB kakapezeka m'kanyamako nkhani yatha, koma nthawi zambiri sikapezeka ngakhale kalipo, chifukwa m'matumbo timakhala tochepa kwambiri.

Achemwali Leeds: Ndiye vuto lili pa mankhwala. A Crohn's, monga prednisolone wa alamuyo, amagwira ntchito pofooketsa chitetezo cha m'thupi. Mukampatsa munthu amene ali ndi TB, kwa masiku angapo aoneka ngati wachira, kenako TB ija imafalikira thupi lonse, mpaka ku ubongo. Kuno ku UK, kumene TB ndi yochepa, sitiyambitsa mankhwala amphamvu a Crohn's aja obaya tisanamuyeze munthu TB. Nanga kwathuko?

Alamu Joni: Eee sindimadziwa. Ndiwasunga.

Ine: N'zomwe wanena dokotala. Akuti ayambe mankhwala a TB mawa. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu alowetsanso kamera. Zilonda zikapezeka zikupola, inali TB, amalize miyezi 6. Zikakhala momwemo, ayamba kuganiza za Crohn's.

Malume Lilongwe: Ndiye akumuyeserera mankhwala ngati nsapato za pa kaunjika?

Achemwali Leeds: Kkkk malume. Kuyeserera kwake n'kosankha njira yomwe ukalakwitsa ungabwerere. Ku India ndi ku South Africa madokotala amatero ndithu akasowa umboni. Koma mumve ichi nonse: ena a Crohn's amapezako bwino akamamwa mankhwala a TB, pomwe zilonda zili chikhalire. Ndiye akayamba kudya nsima ziwiri tisadzati wachira, kamera yachiwiri tiisiye. Imeneyo ndiye idzatiuze zoona.

Mayi: Ndimupatulire mbale ndi kapu? Kuno kuli adzukulu.

Ine: Ayi mayi. X-ray ya pachifuwa ili bwino, makhololo anayeza sanapeze kanthu. TB imapatsirana potsokomola, osati pa mbale.

Azakhali Zomba: Chabwino, koma mankhwala a zitsamba aja ndinabweretsa azimwa ndithu. Sizilimbana.

Achemwali Leeds: Azakhali, ndi ulemu wonse, zimalimbana. Mankhwala a TB amalemetsa chiwindi kale. Mukaonjezera za m'botolo zosadziwika, maso akachita chikasu dokotala sadziwa cholakwa n'chiti. Pempherani naye, muphikireni phala, koma botolo likhale. Mowanso ayi. Brufen ndi diclofenac asiye, zimakanda zilonda za m'matumbo. Ululu ukakula afunse kuchipatala.

Azakhali Zomba: Ndamva. Botolo ndikatenga ndekha, linandidyera ndalama.

Mphwanga: Ndakhala ndikuwerenga. Mukukamba ngati ndili ku mochale kkk. Ine chomwe chanditopetsa si ululu. Ku kiliniki ina ija anandipatsa Flagyl katatu, akuti kamwazi. Kwina akuti likodzo chifukwa ndinasambako kunyanja, ndinamwa praziquantel. Lamba ndaboola mabowo atatu atsopano, kuchoka pa 61 kg kufika 52. Mu minibasi ndimakhala pakhomo kuti ndikapanikizika nditsike msanga. Kuntchito anthu ayamba kunong'ona, ndipo akandifunsa chomwe ndikudwala ndilibe choyankha. Bola akanangonditchulira dzina, ngakhale loipa.

Mayi: Pepa mwanawe.

Malume Lilongwe: Wamveka mphwanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tigawane ntchito, kulira kokha sikutithandiza. Mankhwala a TB m'zipatala za boma ndi aulere, ndiye ndalama zikufunika pa mayendedwe, chakudya ndi kamera yachiwiriyo. Ine ndiika K80,000 mwezi uno.

Alamu Joni: Ine R1,000 pa Mukuru ndikalandira pa 25.

Achemwali Leeds: Kamera yachiwiri ndi mankhwala otsuka m'mimba aja ndi zanga. Achimwene mufunse mtengo msanga, musadzandidzidzimutse. Mufunsenso tsiku loti asiye mapiritsi oonjezera magazi, amadetsa matumbo kamera n'kulephera kuona. Nthawi zambiri ndi sabata imodzi tsikulo lisanafike.

Ine: Ndalemba. Ndalama zonse zibwere pa Airtel Money yanga, ndiziika ndondomeko pano Lamlungu lililonse. Agona kwathu ku Chilomoni kuti chipatala chikhale pafupi. Chimbudzi chathu n'cha m'nyumba, usiku savutika.

Mayi: Ine ndibwera Loweruka ndi ufa woyera, mazira ndi nkhuku ziwiri. Mgaiwa ndi nyemba zimamupweteka.

Achemwali Leeds: Chinanso, mkodzo ukafiira ngati Fanta musathamange, ndi rifampicin wa m'mankhwala a TB aja. Koma maso achikasu, kusanza kosalekeza, kapena mimba kutupa osatulutsa mpweya, nyamukani usiku womwewo. Ndipo mugule kope. Tsiku lililonse alembe wapita kangati, magazi analipo kapena ayi, ndi sikelo Lolemba lililonse. Dokotala adzafuna zimenezo.

Mphwanga: Kopelo ndilemba ndekha. Lisajambulidwe n'kuikidwa pagulu pano chonde.

Malume Lilongwe: Zomveka. Nanga tsiku la kamera gadiyani ndani? Paja amamugoneka ndi jakisoni, sangabwerere yekha.

Azakhali Zomba: Ndine. Mundiuze tsiku, ndikwera ya m'mawa.