Lens yachita nkhungu, Loweruka kuli ukwati

Bambo a Tadala (Masiphumelele): Abale anga mwaswera bwanji. Ine zandivuta. Lamlungu ndimajambula anyamata a kwaya ku Long Beach ku Kommetjie kuno, mvula inayamba kuwaza koma ndinangopitiriza. Lero ndayang'ana lens yachita nkhungu mkati, zithunzi zikutuluka ngati ndajambulira m'khitchini ya utsi. Loweruka lino ndili ndi ukwati ku Ocean View, eni ake anandipatsa kale theka la ndalama ndipo ndinatumiza kumudzi. Ndikufuna lens ya zoom yotulutsa zithunzi zakuthwa, yosaopa mvula. Kamera ndi Canon 700D, lens ndi ija imabwera nayo, 18-55. M'thumba muli R5,000. Odziwa ndithandizeni msanga.

Madala a Germiston: Nkhungu yake iti? Ya m'mawa kudambo kapena ya pa nsima yogona?

Bambo a Tadala: Ya m'mawa madala. Ngati thukuta la pa galasi la minibasi.

Che Mangochi (Fordsburg): Ikani mu mpunga masiku atatu. Foni yanga inagwera mu ndowa, mpunga unaidzutsa.

Mai a Chisomo (admin): Ndalama ya eni ake mwadya kale ntchito musanagwire? Bambo a Tadala mudzatipezetsa manyazi Amalawi tonse.

Bambo a Tadala: Sindinadye mayi, ndi fizi ya Tadala.

Kamnyamata ka Dunoon: Bwanji osangojambula ndi foni? Masiku ano Samsung ikuposa makamera anuwo. Ndipo siopa madzi.

Madala a Germiston: Iwe, ukafika pa ukwati wa anthu ndi foni m'manja akuyesa wabwera kudzadya mpunga. Kamera imapatsa ulemu. Ife tinkajambulidwa ndi bambo wina woyenda pa njinga, zithunzi kudikira mwezi wathunthu, zikabwera mutu wadulidwa koma timalipira ndithu.

Wa Studio (Bellville): Mpunga ayi chonde. Fumbi lake limalowa mu zoom ndipo mudzamva ikukukuta. Chotsani batire ndi memory card, masulani lens, muike zonse mu kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timakhala m'mabokosi a nsapato zatsopano. Pasakhale pafupi ndi mbaula. Ngati ndi chinyezi chabe chichoka m'masiku awiri kapena atatu. Mukachedwa ndiye chimasanduka nkhungu inayo ya madala, chuku chenicheni, timizere ngati ukonde wa kangaude, chimadya utoto wa pa galasi. Pamenepo lens ya 18-55 kukonzetsa kwake kuposa mtengo wake.

Che Mangochi: Mpunga unandithandiza ine, mboni ndili nazo.

Watsopano: Moni nonse. Amene akufuna kutumiza katundu ku Lilongwe ndi Mzuzu galimoto ikunyamuka Lachisanu, mafiriji, njinga, mabedi tikunyamula.

Mai a Chisomo (admin): Achimwene mwalowa dzulo dzuloli, ngakhale dzina simunatiuze, mwayamba kale malonda? Malonda ndi Lolemba lokha. Werengani malamulo pamwambapo. Mukabwerezanso ndikutulutsani.

Achimwene a ku Leeds: Nkhani ya mvula mufunse ife, kuno imagwa chaka chonse. Ine ndimagwiritsa Fujifilm X-T3 ndi lens ya 16-80 yolembedwa WR, kutanthauza yosaopa mvula ndi fumbi. Ndikaweruka kosamalira nkhalamba ndimajambula mpira wa ana mvula ili pamutu, zaka zitatu osavuta. Gulani imeneyo mugone tulo.

Wa Studio: Akulu, munthuyu ali ndi Canon. Lens ya Fujifilm siilowa pa 700D ngakhale muikhome ndi hamala.

Achimwene a ku Leeds: Ndiye agulitse Canonyo. Kapena Pentax, yawo ngakhale 18-55 yotchipa ija ilipo ya WR.

Kamnyamata ka Dunoon: Anthu a mapaundi mukalankhula mumaiwala kuti anzanu tikulandira ma rand a m'gadeni.

Madala a Germiston: Lens iliyonse ya Canon yokhala ndi mkombero wofiira kutsogolo mutha kuimiza mu ndowa, palibe chimachitika. Mzungu wina amene ndinkamugwirira ntchito anandiuza yekha.

Wa Studio: Madala pepani, limenelo ndi bodza loti lingaphetse katundu wa munthu. Mkombero wofiira ndi ma lens a L, ndi abwino inde, koma si onse otsekedwa. Chitsanzo 70-200 f/4 L ilipo iwiri ya kale: yopanda IS (choletsa kunjenjemera kwa manja) ilibe chotchinga madzi, ya IS ndiye ili nacho. Njira yodziwira ndi kuitembenuza. Kumbuyo, pamene imalumana ndi kamera, pazikhala kamkombero ka labala kakuda kozungulira chitsulo chija. Kakapanda kukhalapo, madzi alowera pompo. Ndipo ngakhale kalipo, ndi ka mvula yowaza ndi fumbi, osati kusambira. Ikalowa madzi sitolo siikubwezerani kanthu.

Madala a Germiston: Ine ndinabwera ku Joni kuno iwe usanamere mano.

Wa Studio: Zoona madala, koma ma lens ndakonzetsa ndine.

Anachisale a ku Thyolo (Hout Bay): Mvula ya July ya kuno imandikumbutsa chiperoni kwathu. Kudzuka m'mawa tiyi yense wa m'minda osaoneka, amayi akuwotcha mbatata, ife titazungulira moto. Kuno kuzizira komweko koma moto wake ndi wa magetsi ogula. Zaka zisanu ndi chimodzi osaponda kwathu ine.

Che Mangochi: Musayambe asisi, ndingalire pa ntchito. Ine usipa wofutsa wa ku Makawa basi.

Mai a Chisomo (admin): Mayi wina ku Wynberg wabwera ndi usipa ndi ufa woyera, ndikupatsani nambala kumbali.

Bambo a Tadala: Abale lens.

Wa Studio: Bambo a Tadala tamverani, uthenga wanga usakwiririkenso ndi usipa. Vuto loyamba si lens, ndi 700D yanuyo. Thupi lake silotsekedwa. Mukagula lens yosalowa madzi n'kuimanga pa kamera imeneyo zili ngati kukhoma chitseko chachitsulo pa nyumba yofolera ndi udzu wothothoka. Madzi alowera pa mabatani, pa gudumu la pamwamba ndi pa chitseko cha card. Ma Canon otsekedwako ndi monga 7D, 7D Mark II ndi 80D. Ndiye ulendo wake ndi wa zinthu ziwiri, ndipo R5,000 singakwanire zonse sabata ino.

Lens yoti muziisungira ndalama ndi 24-105 f/4 L IS. Yoyamba ija inatuluka mu 2005, ya kaunjika imapezeka yambiri chifukwa ojambula ambiri akusamukira ku makamera a mirrorless. Ndi yakuthwa, labala ili nayo, ndipo mukadzagula kamera ina ya Canon mudzapita nayo. Koma dziwani ichi: pa 700D nambala iliyonse mumachulukitsa ndi 1.6, ndiye 24 imakhala ngati 38, 105 ngati 168. Kukoka nkhope ya mkwatibwi muli kumbuyo kwa tchalitchi, bwino kwambiri. Koma chithunzi cha banja lonse mu holo yopanikiza mudzabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Ndiye 18-55 ikauma musaitaye.

Zija za 18-200 kapena 18-300 zoti chilichonse m'modzi, ine sindizikonda. Ukakoka mpaka kumapeto chithunzi chimafewa ndipo mu holo yamdima zimavutika.

Kamnyamata ka Dunoon: Kalata yonseyi ndani awerenge. Mwachidule agule foni.

Achimwene a ku Leeds: Pa kuthwa ndiye 17-55 f/2.8 ya Canon imaposa 24-105 pa kamera ngati imeneyo. Ndinali nayo ndisanachoke ku Durban.

Wa Studio: Kuthwa inde, ndipo mu mdima ndi yabwino. Koma ilibe chotchinga ndipo imadziwika ndi kumeza fumbi. Ndi mphepo ya kuno ya December, ija imanyamula mchenga ku Muizenberg mpaka m'makutu, simuchedwa kuiona mkati muli timadontho. Munthu wafunsa yosaopa nyengo.

Che Mangochi: Chenjerani ndi zogula pa intaneti. Mphwanga anaona kamera yotchipa, anamuuza tumiza theka tikusungire. Atatumiza nambala inazima. Wina anaitanidwa kuti akaone katundu ku flat ina m'tauni, anabwerako wopanda foni ndi nsapato.

Madala a Germiston: Ndiponso pa boda masiku ano akulanda kamera iliyonse yaikulu, akuti ndiwe mtolankhani.

Mai a Chisomo (admin): Madala mwazimva kuti? Mlamu wanga wadutsa nayo pa Mwanza mwezi wathawu, anangomufunsa lisiti. Nkhani zopanda mutu muzisiya ku shebeen.

Wa Studio: Pa zogula Che Mangochi akunena zoona. Kumanani masana pa mall, mupite awiri, mutenge kamera yanu. Walitsani tochi ya foni kumbuyo kwa lens muyang'ane kutsogolo: kafumbi pang'ono si vuto, koma ukonde kapena chifunga, bwererani. Zungulizani zoom imveke yosalala. Jambulani chikwangwani cha malembo pa 24 ndi pa 105, mukulitse muone ngati mbali imodzi siikufewa kuposa inzake. Masitolo ogulitsa za kaunjika amadulirako koma ena amapereka masiku obweza, funsani musanalipire.

Za Loweruka ndiye izi. M'tauni muli malo obwereketsa ma lens pa tsiku, koma amafuna chiphaso ndi ndalama ya chikole, ndiye kwa ena a ife mukudziwa kale. Zikakanika bwerani ku Bellville Lachisanu madzulo ndikubwerekeni 24-105 yanga, mubweze Lamlungu. Ikagwa mugula. Pa mvula tengani jumbo yoonekera mkati, boolani pansi, tulutsirani hood ya lens (kachipewa ka kutsogolo kaja) pabowopo, mangani ndi legeni kapena labala ya ndalama. Hood isachoke, imatchinga madontho. Kansalu kouma m'thumba. Musasinthe lens panja pa mphepo. Mukachoka kunyanja pukutani kunja konse ndi kansalu konyowa pang'ono ndi madzi a pampopi, mchere ndi umene umadya zitsulo kuposa mvula.

Komanso zithunzi za kwaya munaika mwezi watha zija ndinaziona. Kusathwa kuja si lens yokha, shutter inali pansi, kamera inkachedwa kutseka diso. Anthu akuvina musatsike pa 1/250 ya sekondi, kwezani ISO (mphamvu ya kamera yomva kuwala) mpaka 1600 osaopa. IS imaletsa kunjenjemera kwa manja anu, siimitsa anthu ovina. Panja masana ikani bowo la kuwala pa f/8, ngakhale 18-55 imakuthwa pamenepo.

Kamnyamata ka Dunoon: Kamera ya ma thousand kuivala jumbo ngati bonya.

Anachisale a ku Thyolo: Ukwatiwo ndi wa Amalawi? Pakhala pelekanipelekani? Mutiuze tibwere tidzavineko, mwina mtima ungatsike.

Bambo a Tadala: Mkwati ndi wa ku Nkhata Bay, mkazi ndi wa konkuno. A Studio Mulungu akudalitseni, Lachisanu ndikaweruka kwa adona ndikwera sitima ku Fish Hoek, ndikasinthira ku Salt River. Koma ndinali nditaika kale mu mpunga Che Mangochi atangonena. Ndichotse?

Wa Studio: Chotsani pompano.

Che Mangochi: Mpungawo musataye.

Watsopano: Pepani a admin, funso chabe. Galimoto ya Lachisanu ija malo atsala a firiji imodzi.