Za funso langa lija la ndege ya ku Sydney

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake tikiti yochokera ku Johannesburg kupita ku Sydney, ku Australia, ikuonetsa maola pafupifupi 12 popita koma 14 pobwera, chikhalirecho mtunda ndi womwewo, makilomita pafupifupi 11,000. Ndinkayesa kuti alakwitsa polemba. Ayi ndithu, wosadziwa ndinali ine.

Nkhani yagona pa mphepo. Kumwamba kumene ndegezi zimadutsa, makilomita 10 kapena kuposerapo kuchokera pansi, kumaomba chimphepo champhamvu chochokera kumadzulo kulowera kum'mawa. Popita ku Sydney chimphepocho chimakhala kumbuyo kwa ndege n'kumaikankha. Pobwera ndege imakumana nacho maso ndi maso, ndiye maola awiri aja amathera pamenepo.

Chinanso chimene chinandidabwitsa ndi njira yake. Ine ndinajambula mzere wowongoka pa mapu, koma ndegeyo imakhotera kum'mwera kwenikweni, pamwamba pa nyanja yokhayokha, cha kumbali ya Antarctica, dera la madzi oundana la kumapeto kwa dziko lapansi. Poti dziko ndi lozungulira, njira yooneka yokhotayo ndiyo yachidule. Mukayesa ndi ulusi pa mpira muona nokha.

Koma chondisokoneza kwambiri inali wotchi. Nthawi ya ku Sydney ili patsogolo pa ya ku Johannesburg ndi maola 8, ndipo kuyambira Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Epulo amakhala 9. Mukanyamuka 6 koloko madzulo n'kuuluka maola 12, thupi limati ndi 6 koloko m'mawa, pomwe kumeneko ndi 2 kapena 3 koloko masana. Wokandichingamira ndamuuza kale kuti asadzandifunse zambiri tsiku limenelo.