Kukhala ku Mauritius chaka chathunthu uku ukugwira ntchito ya pa intaneti: zimatheka bwanji?

Nachisale_K

Moni nonse. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama pa kompyuta, kampani ili ku London ndipo malipiro amabwera mu mapaundi. Abwana avomera kuti ndigwirire kulikonse bola ndizipezeka pa misonkhano. Mtima wanga uli pa Mauritius, kukakhala chaka osati tchuthi cha masabata awiri. Ndili ndi mwana mmodzi wa zaka 6. Odziwa ndithandizeni: chiphaso chake n'chotani, msonkho umayenda bwanji, ndipo magetsi ndi intaneti n'zodalirika moti munthu osayambana ndi abwana?

Mbewe_Wamkulu

Achemwali, chiphaso mukufunacho chimatchedwa Premium Visa. Boma la Mauritius linachiyambitsa mu 2020, nthawi ya Covid, alendo atasiya kubwera. Chimakhala cha chaka chimodzi, chikatha mutha kuwonjezera, ndipo salipiritsa. Mumafunsira pa intaneti kudzera ku Economic Development Board musananyamuke. Amafuna pasipoti, tikiti yobwerera, inshuwalansi ya ulendo ndi ya chipatala, umboni wa kumene mukafikire, komanso mapepala a kubanki osonyeza kuti mumapeza madola osachepera 1,500 pamwezi, kuwonjezapo 500 pa mwana aliyense. Kwa inu ndiye kuti 2,000. Kalata ya abwana yonena kuti ndinu wantchito wawo ndipo akuvomera kuti mugwirire kunja muiikeponso.

Lamulo lake lalikulu ndi limodzi: ndalama zanu zizichokera kunja kwa chilumba. Simungalembedwe ntchito ndi kampani ya komweko kapena kumagwirira maganyu anthu a komweko. Zimenezo zimafuna chilolezo china, Occupation Permit.

Pa msonkho m'pamene ambiri amakodwa. Mukakhala masiku 183 m'chaka chimodzi cha msonkho, chomwe kumeneko chimayamba pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni, Mauritius Revenue Authority imakuwerengani ngati wokhala m'dziko. Koma kwa a Premium Visa msonkho umagwa pa ndalama zimene zalowa m'dzikomo. Zomwe mwagulira zinthu ndi khadi ya banki yakunja saziwerenga ngati zalowa, pomwe zomwe mwatumiza ku akaunti ya banki ya ku Mauritius amaziwerenga, pokhapokha mutasonyeza kuti msonkho wake unadulidwa kale kumene zikuchokera. Choncho musathamangire kutsegula akaunti ya komweko n'kuuza abwana kuti malipiro onse azigwera kumeneko. Mapepala a malipiro a mwezi uliwonse muziwasunga.

Chinanso, khadi yomwe mukadalire isakhale ya akaunti ya makwacha. Mabanki a ku Malawi amaika malire pa ndalama zakunja zomwe khadi ingatulutse, ndipo malirewo amasinthasintha ndi kusowa kwa forex. Lendi ya nyumba sidikira zimenezo. Mapaundiwo azikhala mu akaunti ya ndalama zakunja, ndipo makhadi akhale awiri a mabanki osiyana.

Mai_a_Tamanda

A Mbewe afotokoza bwino za mapepala, koma mapepala ndiwo mbali yosavuta. Chomwe chimapangitsa munthu kupirira chaka kapena kuthawa pakatha miyezi itatu ndi nyumba yomwe wasankha.

Chilumbachi n'chaching'ono, pafupifupi makilomita 65 m'litali ndi 45 m'lifupi, koma nyengo yake si imodzi. Kumpoto, ku Grand Baie, Pereybère ndi Trou aux Biches, komanso kumadzulo ku Flic en Flac ndi Tamarin, n'kouma ndi kotentha, ndipo alendo ambiri amakhala kumeneko, lendi nayonso n'kukwera. Pakati pa chilumba, ku Curepipe ndi Vacoas, n'kokwezeka: kumazizirirako, mvula imagwa pafupipafupi, lendi n'njotsikirapo, koma zovala ndi nsapato zimachita chuku m'kabati. Kum'mawa mphepo imaomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Musalipire lendi ya chaka mutangoona zithunzi. Tengani malo a mwezi umodzi, muyendere nyumba ndi maso anu, kenako musaine.

Mukalowa m'nyumba funsani zinthu izi. Choyamba, waya wa intaneti wa fibre walowa kale? Wafalikira pafupifupi chilumba chonse kudzera ku my.t ya Mauritius Telecom, koma nyumba zina zobwereketsa zimagawana Wi-Fi imodzi mabanja anayi. Imeneyo pa msonkhano wa vidiyo imadukaduka madzulo aliyense akabwera kuntchito. Mufune rauta yanuyanu m'nyumba mwanu, ndipo muyeze liwiro lake muli m'chipinda chomwe muzigwiriramo, makamaka liwiro lotumiza, chifukwa ndilo limanyamula nkhope ndi mawu anu. Chachiwiri, pali thanki ya madzi ndi pampu? M'madera ambiri Central Water Authority imatsegula madzi maola owerengeka patsiku m'miyezi youma, makamaka Okutobala mpaka Disembala. Chachitatu, mazenera ali ndi zotchingira namondwe?

Za namondwezi musazitenge mopepuka. Nyengo yake ndi Novembala mpaka Epulo, Januwale ndi Febuluwale ndiye pachimake. Freddy uja anatisautsa kum'mwera kwa Malawi mu Marichi 2023 anayamba wadutsa kumpoto kwa Mauritius mu Febuluwale, ndipo mu Januwale 2024 Belal anasefukiritsa madzi mu Port Louis mpaka magalimoto kukokoloka mumsewu. A zanyengo a ku Vacoas amachenjeza m'magawo anayi. Class 1 ndiyo nthawi yogula madzi akumwa, makandulo ndi chakudya chosawonongeka, n'kutchaja chilichonse. Pa Class 2 masukulu amatseka. Pa Class 3 maofesi amatseka, mabasi amasiya kuyenda, aliyense kunyumba. Class 4 ndiye kuti mphepo yafika kale pa makilomita 120 pa ola. Abwana muwauziretu za dongosolo limeneli, kuti tsiku lomwe mwazimiririka asadabwe.

Masiku wamba magetsi a Central Electricity Board ndi odalirika, si za kuzimazima tinazolowera. Mphamvu ndi 230V ndipo mapulagi ambiri ndi a mano atatu ngati athu omwewa. Vuto limabwera mitengo ikagwera mawaya, ndipo pamenepo atha kusowa tsiku kapena kuposa. Werengani chonchi: rauta ndi kabokosi ka fibre zimadya mawati pafupifupi 15, laputopu 50. Zonse pamodzi 65, kwa maola 8 ndi 520Wh. Batire imatayako mphamvu posintha, ndiye gulani power station, batire yaikulu yonyamulika yokhala ndi masoketi, ya 700Wh kapena kuposa. Mukagule komweko, chifukwa batire ya lithium yoposa 160Wh saloleza m'ndege. Rauta muiikirenso UPS yaing'ono ya 12V, kabatire kamene kamalowapo magetsi akangothima, pakuti magetsi akathima m'nyumba fibre nthawi zambiri imakhala ikugwirabe, chomwe chafa ndi rauta chabe. Ndipo SIM yapafoni ikhale ya kampani ina, monga Emtel, kuti zonse zisagwe nthawi imodzi.

Nachisale_K

Zikomo kwambiri nonse. Amayi, ndiye mukuti ndisiye za m'mbali mwa nyanja ndikakhale pakati? Ineyo chomwe chikundikoka ndi nyanjayo, komanso mwana azisambira.

Kamanga_IT

Achemwali, nyanja musaisiye, koma musakhale pakamwa pake penipeni. Apa ndisiyana pang'ono ndi Mai a Tamanda pa za pakati pa chilumba: kwa munthu wa maola a ku London, gombe la kumadzulo kapena kumpoto lili bwino, chifukwa m'mawa wonse ndi wanu.

Mauritius ili patsogolo pa Malawi ndi maola 2, ndipo pa London ndi maola 4 kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Marichi, miyezi inayo 3. M'miyezi ya maola 4 ija, msonkhano wa 9 koloko m'mawa ku London udzakupezani 1 koloko masana, ndipo akamaweruka 5 koloko kwa inu ndi 9 usiku. Mwana akamabwera kusukulu inu ntchito yangoyamba kumene, ndiye wokamutenga ndi womusamala masana muwapeze musanayambe ntchito, osati mutayamba. Miyezi imeneyonso ndi yotentha kwambiri, ndipo mudzakhala pa kompyuta dzuwa lili paliwombo. Chipinda chogwiriramo chisayang'ane kumadzulo. Air conditioner mudzaifuna, koma mtengo wa yuniti umakwera mukamagwiritsa magetsi ambiri, ndiye muziziziritsa chipinda chimodzi chokha, chitseko chotseka, pa madigiri 25 kapena 26.

Nyumba yoyang'anizana ndi mafunde imapha zipangizo. Mphepo ya mchere imalowa m'mabowo a laputopu: mukayang'ana polowetsa USB pakatha miyezi ingapo mupeza tizitsulo tasanduka tobiriwira, tchaja chikugwira pokhapokha mutachipendeketsa, ndipo fani ikulira chifukwa fumbi lanyowa n'kumatirira. Mamita mazana angapo kulowa kumtunda zinthu zimasintha kwambiri. Musagwirire ntchito pakhonde. Usiku laputopu ndi hard drive muziika m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino, muli timapaketi ta silica gel, ndipo timapaketito muzitiumitsa tikakhuta chinyezi. Musatulutse laputopu yozizira kuchokera m'chipinda cha air conditioner n'kuiyatsa panja nthawi yomweyo, imachita thukuta m'kati. Tchaja chachiwiri mupite nacho, popeza zambiri kumeneko n'zoitanitsa kunja ndipo cha mtundu wanu chitha kutenga masabata.

Za sukulu muyambe msanga kuposa za nyumba, chifukwa sukulu ndiyo idzakuuzeni kokhala. Sukulu ya Northfields ili ku Mapou kumpoto. Malo amadzaza, ndipo misewu yolowera ku Port Louis ndi Ebène imathinana m'mawa, moti makilomita 20 atha kukudyerani ola. Sitima ya Metro Express imayenda pakati pa Port Louis ndi Curepipe, kugombe sifika, ndipo mabasi ambiri amasiya kuyenda kukangoda. Galimoto mudzaifuna, amayendetsa kumanzere ngati kwathu.

Mukafika kuchokera ku Malawi musadabwe a zaumoyo atakuimbirani kapena kubwera pakhomo kudzatenga magazi pachala. Malungo anawathetsa pachilumbapo ndipo amalondola anthu ochokera kumene matendawa alipo. Udzudzu wa kumeneko umafalitsa dengue ndi chikungunya, ndipo umaluma masana, ndiye neti ya usiku yokha sikwanira. Mazenera akhale ndi sefa, ndipo timbale ta pansi pa miphika ya maluwa tisamakhale ndi madzi. Inshuwalansi muiwerenge bwino ngati ikulipira zipatala zapulaiveti komanso ndege yokutengerani ku Réunion kapena South Africa matenda akakula.

Mbewe_Wamkulu

Kuwonjezera pa za a Kamanga: funsani a zamakompyuta kuntchito kwanu ngati VPN ya kampani, njira yotetezedwa yolowera m'makompyuta a kuntchito, imalola kulowa muli ku Mauritius. Makampani ena a zandalama amatseka mayiko onse kupatula omwe awalemba, ndipo chilolezo cha abwana a pa dipatimenti sichitsegula zimenezo. Akupatseni yankho lolemba musanagule tikiti. Ndege yochoka ku Lilongwe kapena Blantyre molunjika kulibe, mudzasinthira ku Johannesburg kapena Nairobi, ndipo kuchoka ku Johannesburg ndi maola pafupifupi 4.