Xorg ikudya RAM mpaka mawindo akukana kutseguka, kodi ndi memory leak?

kalulu_wa_cron analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Tili ndi makina akale a seva amene tinawalumikiza ku sikirini yapakhoma kuti aziwonetsa magirafu a netiweki. Ali ndi Debian 12, Xorg 21.1.7 (pulogalamu ya X11 yoonetsa zinthu pa sikirini), Openbox (yoyendetsa mawindo), RAM ya 4 GB ndi sikirini ya 1920x1080. Kachipangizo ka zithunzi ndi kaja kobwera kale pa bolodi ya seva, kopanda 3D. Mu Xorg.0.log zikuoneka kuti driver ndi modesetting, koma glamor, imene imajambulitsa zinthu ndi kachipangizo ka zithunzi (GPU), siyikugwira ntchito.

Ndikangoyatsa makinawa, pulogalamu ya top imaonetsa RES ya Xorg (RAM imene yagwira) ili cha m'ma 90 MB. Mawa lake imakhala ili pafupi ndi 500 MB. Sabata isanathe yafika pafupifupi 2 GB, swap yayamba kudzaza, mbewa ikuyenda modukizadukiza. Chimene chandidzidzimutsa kwambiri n'choti xterm (windo lolembamo malamulo) inakana kutseguka, n'kungolemba kuti "Maximum number of clients reached", chonsecho pa sikirini panali mawindo awiri okha.

Poyamba ndinkaganizira Firefox, chifukwa anzanga amayitsegula pamenepo n'kuyiiwala. Ndaitseka, RES ya Xorg osatsika ngakhale pang'ono. Ndatseka xterm, ndayambitsanso Openbox, zili chimodzimodzi. Zimangothetsedwa ndi kutuluka mu X n'kulowanso.

Ndiye ndikuona ngati Xorg yeniyeniyo ndi imene ikudontha, kutenga memori osaibweza (memory leak). Ndikufuna kukalemba lipoti la bug, koma ndikudziwa kuti akandifunsa umboni. Kodi ndiyendetse Xorg mu valgrind, chida chofufuzira memori yodontha? Kapena ndiilumikize ku gdb, chida chofufuzira ma bug, ikadali yotupa chonchi?

---

mai_grep anayankha:

Achimwene, valgrind isiyeni kaye. Makina a 4 GB amene akupuma kale movutikira, mukawasenzetsa valgrind agwada, ndipo vuto lotenga masiku kuti lionekere mudzalidikira mpaka kutopa. Za gdb nazonso samalani: mukailumikiza ku Xorg kuchokera mu terminal imene ili mkati mwa X yomweyo, seva ya X (Xorg yomweyo) imaima, terminal yanu imaima nayo limodzi, kiyibodi osayankhanso. Ngati n'kofunika kutero, lowani pa ssh kuchokera pa kompyuta ina.

Choyamba tidziwe mtundu wa memori imene ikukwerayo. Mwachita bwino kuyang'ana RES m'malo mwa VIRT, chifukwa VIRT ya Xorg imakhala yaikulu nthawi zonse ndipo siyitiuza zambiri. Koma RES nayo ndi yosakaniza zinthu. Tsegulani /proc/PID/status (PID ndi nambala ya Xorg imene top imaonetsa) muone mizere itatu iyi: RssAnon, RssFile ndi RssShmem. Ngati ikukwera ndi RssShmem, ndiye kuti ndi memori yogawana ndi mapulogalamu ena, monga imene imadutsa mu MIT-SHM. Ngati ndi RssAnon, ndi memori imene Xorg inapempha yokha kudzera mu malloc. Siyani ka loop aka kakuyenda usiku wonse:

`while sleep 60; do date +%T; grep Rss /proc/$(pidof Xorg)/status; done >> xmem.log`

Chimene ndikufuna kuona si kukula kwa nambalayo ayi, koma kakweredwe kake. Kodi ikukwera pang'onopang'ono mosalekeza, kapena imakhala phee kenako n'kudumpha? Ikamadumpha, imadumpha nthawi yanji, ndipo ndi ma kB angati?

Chachiwiri, ikani xrestop. Anthu ambiri amaiwala kuti mu X11 pulogalamu ikapempha pixmap, chithunzicho chimasungidwa ndi seva, osati ndi pulogalamuyo. Choncho pulogalamu ina ikamapanga ma pixmap osawamasula, top imaonetsa kuti wakuba ndi Xorg, pomwe iyo yangosungitsidwa katundu wa eni ake. xrestop imafunsa seva kudzera mu X-Resource ndipo imakuonetsani kasitomala aliyense (pulogalamu iliyonse yolumikizana ndi seva ya X): mawindo angati, ma pixmap angati, ndi memori yochuluka bwanji. Pa makina anu, popeza glamor palibe, ma pixmap onse ali mu RAM wamba mkati mwa Xorg, ndiye manambala a xrestop ndi a RssAnon ayenera kuyendera limodzi. Pa makina okhala ndi GPU yogwira ntchito nkhaniyi imavutirapo, chifukwa zithunzi zimapita ku ma buffer a driver ndipo RES imatha kukhala chete pamene RAM ikutha.

Onjezaniponso `xlsatoms | wc -l` m'mawa ndi madzulo. Ma atom, mayina amene mapulogalamu amalembetsa ku seva, safufutidwa mpaka seva itayambiranso, ndiye pulogalamu yopanga mayina atsopano mosalekeza imatupitsa Xorg popanda kuoneka bwino mu xrestop. Sindikuganiza kuti ndi zimenezo kwa inu, ma atom ndi tinthu tating'ono kwambiri kuti tifike 2 GB, koma kuyeza kwake n'kosavuta.

---

nkhwazi_404 anayankha:

X11 ndi ya mu 1987 abale, mukuvutikiranji? Samukirani ku Wayland, dongosolo latsopano lolowa m'malo mwa X11. Kapena ikani reboot mu cron (yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika) Lamlungu lililonse usiku, nkhani yatha.

---

kalulu_wa_cron anayankha:

A nkhwazi, reboot ya Lamlungu singathandize chifukwa makinawa amafika pokana mawindo Lamlungulo lisanakwane. Ndipo Openbox siyenda pa Wayland, ndiye n'kumanganso zonse.

Mayi, zikomo kwambiri, ndachita monga munanenera. RssFile ndi RssShmem sizikusuntha. RssAnon imakhala phee kwa mphindi 30, kenako imadumpha ndi ma kB pafupifupi 8100, nthawi zonse pa :00 ndi pa :30. Ma atom sakuchuluka.

Za xrestop ndiye zandisokoneza. Pamwamba sipali Firefox kapena Openbox. Pali mizere yambirimbiri yofanana, yoposa 40 kuyambira pamene ndinayatsa dzulo. Uliwonse uli ndi Wins 0, Pxms 1, Pxm mem 8100K, PID ndi chizindikiro cha funso, ndipo dzina ndi `<unknown>`. Ndafufuza mu ps, palibe mapulogalamu 40 amene akuyenda. Ndiye makasitomala amenewa ndi ndani, amene alibe windo, alibe PID, koma aliyense wagwira chithunzi chimodzi?

---

agogo_a_xterm anayankha:

Mwana wanga, nambala ya 8100 ija yaulula zonse. Chulukitsani 1920 ndi 1080, kenako ndi ma byte 4 a pixel iliyonse. Mupeza 8,294,400. Gawani ndi 1024, yankho ndi 8100 ndendende. Chilichonse mwa zinthu zimenezo ndi chithunzi chodzaza sikirini yanu yonse. Pamphindi 30 zilizonse chimabwera china, ndiye 48 patsiku, zomwe ndi pafupifupi 400 MB. Kuchoka pa 90 MB kufika pa 500 MB tsiku limodzi, monga munanenera poyamba paja.

Tsopano ndikufunseni: magirafu anuwo amafika bwanji pa sikirini? Ndikukayikira kuti sali mu windo ayi. Pali kanthu kena mu cron kamene kamajambula chithunzi n'kuchiika ngati chithunzi chakumbuyo, pa root window.

Ngati ndi choncho, nkhani yake ndi iyi. Mwa lamulo la X, kasitomala akatseka kulumikizana kwake, seva imafufuta zonse zimene iye anapanga. N'chifukwa chake kawirikawiri kutseka pulogalamu yolakwa kumatsitsa memori. Koma pali khomo lina. Pulogalamu ikhoza kuitana XSetCloseDownMode n'kunena kuti RetainPermanent, kutanthauza kuti "ine ndikupita, koma zanga musataye". Mapulogalamu oika chithunzi chakumbuyo amakonda kuchita zimenezi, kuti pixmap ija ikhalebe ndi nambala yake iwo atatuluka. Nambalayo amailemba pa root window mu _XROOTPMAP_ID ndi ESETROOT_PMAP_ID, kuti ma terminal ooneka ngati galasi komanso ma compositor azitha kuiwerenga.

Pamenepa pali pangano limene silinalembedwe mu seva, limangotsatiridwa ndi olemba mapulogalamu. Amene akuika chithunzi chatsopano ayenera kuyamba wawerenga ESETROOT_PMAP_ID yakale, n'kuitana XKillClient pa nambala imeneyo kuti seva itaye zotsala za amene anamutsogolera. feh, imodzi mwa mapulogalamu oika chithunzi chakumbuyo, imachita zimenezi. Kapulogalamu kanu kakuoneka kuti kanaphunzira theka loyamba lokha: kamasiya chithunzi, koma sikachotsa chakale.

Ndipo uthenga uja wa "Maximum number of clients reached" ukuchokera pomwepo. Kasitomala wa RetainPermanent akachoka, malo ake mu seva samasulidwa, chifukwa nambala za zinthu zake zimamangidwa pa nambala ya malowo. Ndi res-base imene mukuiona kumanzere mu xrestop. Xorg nthawi zambiri imalola makasitomala 256. Gawani 256 ndi 48, mupeza masiku asanu ndi maola ochepa. Ndiye ngakhale mukanagula RAM ya 64 GB, xterm ikanakanabe kutseguka tsiku lomwelo. Mukhoza kukweza malire ndi -maxclients, koma kumeneko n'kungochedwetsa tsiku la mlandu.

Valgrind ikanakunamizani pano. Kwa Xorg memori imeneyi sinasochere, ikudziwa bwino lomwe pamene chithunzi chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo seva ikamatseka imamasula zonse mwadongosolo. Mukanadikira masiku n'kulandira lipoti loyera. Olemba Xorg nawonso akanatseka lipoti lanu la bug, ndipo akanakhala akulondola, popeza seva yachita zimene inapemphedwa.

A nkhwazi, pa mfundo imodzi mukunena zoona: pa Wayland ma buffer amakhala a kasitomala, ndipo chinthu chonga RetainPermanent kulibe. Koma kugwetsa dongosolo lonse chifukwa cha mzere umodzi wa C, ine ayi.

Kuti mutsimikize musanakhudze kanthu, yendetsani `xprop -root _XROOTPMAP_ID` isanakwane :30 ndiponso itangodutsa. Nambala isintha, ndipo chiyambi chake chifanana ndi res-base ya mzere watsopano mu xrestop. Manambala akumapeto kawirikawiri sasintha, chifukwa kapulogalamuko kamapanga zinthu zake mu ndondomeko yomweyo ulendo uliwonse. Mukatenga res-base ya mzere wakale n'kuikapo mapeto omwewo, mwapeza nambala ya pixmap yakaleyo, ndipo `xkill -id` pa nambala imeneyo ichotsa mzerewo. Yesani umodzi kaye. Onetsetsani kuti ndi wa `<unknown>` wopanda windo, chifukwa xkill siyifunsa kawiri, mukalakwitsa mupha Openbox.

---

kalulu_wa_cron anayankha:

Agogo, mwalasa penipeni. Mu crontab muli script imene imaitana rrdtool kujambula magirafu, kenako imapereka chithunzicho kwa kapulogalamu kakang'ono ka C kamene kanalembedwa ndi munthu wina amene anasiya ntchito kuno kalekale. Ndapeza source yake. XSetCloseDownMode ndi RetainPermanent zilimo, _XROOTPMAP_ID imalembedwa, koma XKillClient mulibe paliponse. Kale magirafu ankasinthidwa kamodzi patsiku ndipo makina ankazimitsidwa pafupipafupi, n'chifukwa chake palibe amene anazindikira. Anasintha n'kuika mphindi 30 chaka chino.

Ndayesa xkill pa mzere umodzi, wasowa mu xrestop. Ndalemba ka loop kochotsa ena onse kupatula watsopano. xrestop tsopano ili ndi mizere yochepa, koma RssAnon yangotsika kufika cha m'ma 200 MB, sinabwerere pa 90. Kodi pali kudontha kwina kwachiwiri? Komanso ndikonze kapulogalamuka kapena ndingoika feh?

---

mai_grep anayankha:

Sindikuganiza kuti pali kwachiwiri. Zimenezo zikufanana ndi khalidwe la malloc ya glibc. Chinthu chachikulu kuposa 128 kB poyamba chimapatsidwa malo akeake ndi mmap, ndipo chikamasulidwa chimabwerera ku kernel nthawi yomweyo. Koma malire amenewo amasuntha: glibc ikaona chinthu chachikulu chikumasulidwa, imawakweza, mpaka 32 MB pa makina a 64-bit. Zikatero zithunzi zotsatira za 8 MB zimalowa mu heap wamba, dera limodzi lalikulu limene malloc imagawamo memori, ndipo heap imangobwezedwa kuchokera kumapeto kwake. Kanthu kakang'ono kamodzi kakakhala pamwamba, malo onse opanda kanthu a pansi pake amawerengedwabe mu RES. Xorg idzawagwiritsanso ntchito ikafuna memori ina.

Njira yodziwira ndi yomwe ija: siyani loop ikuyenda. Ngati RssAnon yaima pa 200 MB osakweranso pa :00 ndi pa :30, palibe chodontha. Mukafuna kuona ndi maso, lowani pa ssh, lumikizani gdb, itanani malloc_trim(0), kenako detach msanga. Nambala ikagwa, inali heap yopanda kanthu. Ineyo sindingavutike nazo, mudzatuluka mu X tsiku lina ndipo zidzatha zokha.

Pa funso lachiwiri, zimadalira ngati pali chinthu chimene chimawerenga _XROOTPMAP_ID pa makinawo. Mwatchula Openbox ndi xterm basi, mulibe compositor. Ngati ndi choncho, chotsani mzere wa RetainPermanent pamodzi ndi wolemba _XROOTPMAP_ID uja. Mukaitana XSetWindowBackgroundPixmap ndi XClearWindow, mukhoza kuitana XFreePixmap pomwepo. Seva imasunga chithunzicho malinga ngati chikadali kumbuyo kwa root window, ndipo imachitaya yokha china chikalowa m'malo mwake. Ngati simukufuna kukhala mukusamalira C ya munthu amene anachoka, `feh --bg-fill` mu script ija ikwanira, bola muonetsetse kuti DISPLAY yaikidwa mu cron monga zilili panopa.

Mukasintha, dikirani :30 iwiri kapena itatu, muwerenge mizere ya `<unknown>` mu xrestop. Ndi feh uyenera kutsala umodzi wokha umene res-base yake ikusinthasintha. Mukakonza kapulogalamu kanu m'njira ndanenayi, usatsale ndi umodzi womwe.